Kufunsa Gogodera

Kankhirani chitsa icho m'kamwa mwa uvuni, njerwa za kumbuyoko zingatuluke zosapsa. Eya, choncho. Tsopano khalani pansi ndikuyankheni, inu amene mukuti mfuti ndi chitsulo chabe, ilibe makutu. Nkhani ndikuuzeniyi si yakumva ayi. Inachitikira pakhomo pa mlongo wanga Nankhoma, kwathu kutsinde kwa Dzalanyama, ndipo ineyo ndinalipo.

Nankhoma anakwatiwa ndi Gelesomu, mkamwini wochokera kutali, kuseri kwa mapiri. Anali munthu wa khasu, wosakonda mowa, wodziwa kusamala mwana wawo Dalesi. Vuto lake linali limodzi: akaganiza chinthu ndiye kuti chatha, ngakhale mutamuitanira abusa ndi akulu ampingo onse. Ine monga mlamu wake ndinkamuseka mmene ndingathere, iye n'kumandibwezera, ndipo tinkagwirizana. Minda yathu inali yogundana, kumalire kwa nkhalango.

Chaka chimenecho nguluwe zinatilowerera. Chimanga chitangoyamba kukhwima, m'mawa uliwonse tinkapeza mizere yathunthu itagona pansi, zitsononkho zitatafunidwa n'kulavulidwa. Tinayesa zitini, tinayesa agalu, tinayesa kukumba mbuna, koma nguluwe zinkangotiseka. Nthawi yomweyo kunabwera uthenga woti atsibweni ake a Gelesomu, a Kadammanja, amwalira. Ine sindinawaonepo ndi maso, koma mbiri yawo ndinkaimva: mlenje wakale amene manja ake anada ndi onga mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika.

Gelesomu anapita kumaliro, ndipo anabwerako msanga kuposa mmene timayembekezera, atanyamula chinthu chachitali chokulunga m'chiguduli. Nankhoma atangochiona anasiya kupeta.

"Bambo a Dalesi, kodi kumaliroko ameta kale?"

"Sanamete."

"Nanga katundu wa malemu mwamutenga bwanji? Zinthu za munthu sizikhudzidwa maliro asanamete."

"Nguluwe zidikira kumeta?" anatero Gelesomu. "Mfutiyi ndi ya kwathu. Amene ndinkanyamula thumba la atsibweni m'tchire ndine, palibe wina."

Inali gogodera yakalekale, mtengo wake wosalala ndi thukuta la zaka zambiri. Achinyamata inu simunaionepo, ndiye ndikufotokozereni monga anandifotokozera Gelesomu. Mfuti imeneyi imadyera kukamwa. Umathira onga mumpope, n'kuika chipolopolo cha mtovu chokulunga m'kansalu kopaka mafuta a nsatsi, kenaka n'kuchitsindira ndi ndodo yachitsulo, go, go, go, mpaka chikakhale pa onga penipeni. Chipolopolo chiyenera kulowa mothina pang'ono koma mosakakamiza. Chikakhala chaching'ono chimayenda mwake, ukaloza nguluwe chimakagwetsa mtengo. Chikakhala chachikulu chimaima panjira, n'kusiya mpata pakati pa icho ndi onga, ndipo a Kadammanja ankati mpata umenewo ndi manda a mwini mfuti.

Pandodopo panali mizere iwiri yolemba ndi tupa. Mfuti ikakhala yopanda kanthu, ndodo inkamira mpaka mzere wapamwamba. Ikakhala ndi onga ndi chipolopolo chimodzi, inkalekezera pamzere wam'munsi. Ndipo lamulo lalikulu la a Kadammanja linali loti usanathire onga, uyambe wafunsa mfuti. Kufunsa kwake n'kuponyamo ndodo n'kutchera khutu. Yopanda kanthu imayankha kuti ngwee, chitsulo kumenya chitsulo. Yodya kale imangoti di. Ukathira onga pamwamba pa onga wina, mpope umaphulikira kumaso kwako.

Chimene Gelesomu analibe chinali chikombole choumbira zipolopolo za mfutiyo. Achibale anachiika m'manda pamodzi ndi mwini wake, ati ndi mmene malemu ananenera. Ndiye mlamu wanga anatenga mabawuti akale a ngolo n'kumadula ndi sowo. Tizitsulo take tinali tokhakhala, tina tolowa mwa phululu, tina tochita kukhomerera ndi mwala.

"Alamu," ndinamuuza, "mfutiyi inazolowera mtovu, inu mukuidyetsa ngolo. Mawa mudzaidyetsa ndi ng'ombe zomwe."

"Zanu ndi zitini, alamu. Za mfuti zisiyireni amuna."

Anawombera kangapo, osapha kanthu, koma phokosolo linathawitsa nguluwe kwa kanthawi. Akabwera kumunda ankaitsuka mfutiyo, kuifunsa mpaka iyankhe kuti ngwee, n'kuipachika pakhoma la kuchipinda ili yopanda kanthu. Pamenepo pokha ankatsata mwambo wa atsibweni ake, chifukwa m'nyumbamo munali mwana.

Zinayamba masana, dzuwa lili paliwombo. Ine ndi Nankhoma tinali pansi pa mtengo wa mango tikusadzula masamba a nkhwani, Gelesomu ali kumunda, Dalesi ali kusukulu. Chitseko cha nyumba chinali chotseka. Tinangomva kuchokera m'katimo: go, go, go. Kenaka zii.

"Nkhuku," anatero Nankhoma.

"Nkhuku yanji yojompha ngati munthu akusinja?"

Tinalowa. Munalibe nkhuku, munalibe munthu, mfuti ili pamalo pake. Koma munali kafungo kena, konga ka chitsulo chowotcha. Nankhoma anagwira phulusa la pamafuwa kukhitchini, limene analisiya litazizira m'mawa, n'kubweza dzanja msanga, pakuti linali lotentha. Tinayang'anana, ndipo aliyense anabwerera kunkhwani zija.

Madzulo ake Gelesomu akukonzekera zopita kumunda, anatsitsa mfuti n'kuponyamo ndodo monga mwa masiku onse. Inati di. Anaitulutsa ndodoyo n'kuiponyanso. Di. Inali italekezera pamzere wam'munsi.

"Ndani wagwira mfutiyi?"

Ndinati mwina anaiwala yekha kuchotsamo chipolopolo, koma anandiyang'ana ngati ndamutukwanira amake. Tinapita nayo kuchulu, tinaimangirira pamtengo, n'kuiwombera ndi chingwe tili patali. Inalira bwino, kulira kokhuta kumene sinalirepo chibwerereni. Gelesomu anakumba pachulupo ndi mpeni. Chimene anatulutsa sichinali bawuti. Unali mtovu wophwatalala, wotentha.

"Alamu," anatero pang'onopang'ono, "si inu muli ndi batire lakale la galimoto kuseri kwa nyumba yanu?"

"Lilipo. Ndiye?"

"Mtovu pamudzi pano ali nawo ndi inu nokha."

Ndinapsa mtima, ndipo ndinamukoka kuti akadzionere yekha kuti batire langa lili bwinobwino. Titafika tinalipeza lili pomwe linali, udzu utamera molizungulira, chivundikiro chake chili chomata. Koma nditalinyamula linapepuka ngati chikho. Tinaliswa ndi nkhwangwa, m'kati munalibe mtovu ndi pang'ono pomwe.

Kuyambira pamenepo pakhomo paja panalowa mphepo. Gelesomu ankandikayikira ine. Ine ndinayamba kumukayikira iye, chifukwa mkamwini akafuna kuchoka pamudzi sasowa chonamizira, ndipo kumsika kunali mayi wina wogulitsa zitumbuwa amene ankamupatsa basera wochuluka kuposa tonsefe. Nankhoma naye anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Achimwene, ngati ndi chilamu chanu chija, chafika poipa. Lekani."

"Iwe, ukundiyesa wamisala? Ndingasewere ndi onga m'nyumba mogona mwana wako?"

"Nanga ndani?"

Tinthu tinapitiriza kusowa. Supuni yaikulu yachitsulo ya Nankhoma inasowa, n'kudzapezeka padenga la khola itapsa, m'kati mwake muli zoyera zouma zonga mtovu wosungunula. Kabotolo ka mafuta a nsatsi kankatsika kokha. Onga wa Gelesomu, umene ankasungira m'nyanga, unkachepa ngakhale ankaubisa malo osiyanasiyana. Galu wawo, amene ankagona pakhonde chibadwire, anasamukira kwa ine ndipo ankakana kudutsa pakhomo pawo ngakhale umuonetse fupa.

Mfuti itayankhanso kuti di, Gelesomu sanafune kuiwombera. Anati akufuna aone chimene chili m'katimo chili chathunthu. Anathiramo madzi kuti onga ufe, n'kukowa chipolopolocho ndi waya wopota kunsonga. Chinatuluka bwinobwino, chosathina mopitirira, chosagwedera, ngati chinabadwira momwemo. Chinali chobulungira, chonyezimira, chili ndi kamzere kopindika pambali. Gelesomu anakasisita kamzereko ndi chala kwa nthawi yaitali. Pambuyo pake ndi pamene anandiuza kuti chikombole cha atsibweni ake chinali ndi mng'alu wotero.

Koma tsiku limenelo maso ake sanakhalitse pa kamzereko. Anagwera pa kansalu kokulungira. Kanali kobiriwira, ka maluwa achikasu, kodulidwa mozungulira bwino ngati ndalama yachitsulo. Analowa m'nyumba, anatsegula sutukesi ya mkazi wake, n'kutulutsa chitenje chake cha kutchalitchi. Atachitambasula padzuwa tonse tinaona chibowo chozungulira pakati penipeni.

Chikwatirane, Gelesomu ankamutchula mlongo wanga kuti inu. Tsiku limenelo ulemu unathera pomwepo.

"Iwe Nankhoma, ichi n'chiyani?"

"Mayo, chitenje changa! Wachita zimenezi ndani?"

"Ukundifunsa ine? Kiyi wa sutukesiyi amakhala m'khosi mwako. Ukudziwa bwino chimene chimachitika munthu akathira onga pamwamba pa onga. Ukudikira tsiku limene ndidzaiwale kufunsa, eti? Wakuumbira zipolopolozi ndani? Ndi amene akufuna kudzalowa m'nyumba muno?"

"Bambo a Dalesi, ine mfuti ndimaopa ngakhale kuiyang'ana. Ndingaononge chitenje changa chokhachi kuti ndiphe bambo wa mwana wanga?"

"Alamu," ndinalowererapo, "mkamwini asamakule mwendo. Pano ndi pamudzi pathu, ndipo uyu ndi mlongo wanga. Musamunenere zimene simunamuone akuchita."

"Ndiye kake," anatero. "Pamudzi panu. Ndikafa pano, adzafunsa ndani?"

Zinandiwawa, koma ndinaonanso kuti munthuyo ali ndi mantha enieni. Pamenepo maganizo anga a mayi wa zitumbuwa anatha. Munthu wopeka bodza saopa choncho.

Patapita masiku, ndikuchokera kuchigayo masana, ndinapeza nkhalamba itakhala pachitsa m'mbali mwa msewu, pamalo popanda mthunzi. Dzuwa linali lowotcha, koma iyo inavala jasi lalitali. Nkhope sindinaione bwino chifukwa inaweramira pansi, chipewa chitatsika. Chimene ndinaona ndi manja ake ali pamaondo: akuda bii, kuda kolowa m'mizere ndi m'zikhadabo, kosachoka ndi sopo.

"Wawa, agogo," ndinapereka moni.

Sinabweze moni. Inangoti, "Ndinu mlamu wake wa Gelesomu."

"Ndine."

"Mukamuuze kuti amene amagona naye m'chipindamo sadya zimene akumupatsazo. Wayamba kudya kwina. Ndipo wokhuta sawonjezeredwa, amaluma."

"Ndikanene kuti mawuwa achokera kwa yani?"

Thumba la ufa linanditerereka pamutu, ndinaweramira pansi kuligwira. Nditadzuka, nkhalamba ija inali patali ndithu ikulowera kunkhalango, ikuyenda pang'onopang'ono, koma mtunda umene inali itayenda sunali wa munthu woyenda pang'onopang'ono. Pachitsapo panatsala fungo lija la chitsulo chowotcha, la m'nyumba mwa Nankhoma.

Ndinakamufotokozera Gelesomu zonse, ndi za manja zomwe. Nkhope yake inagwa. Ndinkayembekezera kuti anena dzina limene tonse tinali kuliganiza. Koma munthu akasankha njira yake, ngakhale chizindikiro chimaloza komwe iye akufuna.

"Manja akuda ali nawo aliyense wowotcha makala," anatero. "Koma mwamva nokha, alamu. Amene ndimagona naye wayamba kudya kwina. Ngakhale odutsa m'njira akudziwa. Wotsalira ndinali ine ndekha."

"Kodi m'chipindamo mumagona ndi Nankhoma yekha? Chopachikidwa pakhoma chija sichigona momwemo? Bwezani mfutiyo kwanu, akamete maliro, akulu akaipereke ndi manja awo."

"Kuti ndikhale chimanjamanja, mundipeze bwino?"

Tsiku lomwelo anasamuka m'nyumba. Anatenga mphasa, mfuti ndi nyanga ya onga n'kukakhala kuchilindo, kansanja kofolera udzu kamene tinamanga pamalire a minda yathu. Chakudya cha mkazi wake anachikana, ankadziwotchera yekha chimanga. Nankhoma ankabwerabe ndi kambale, n'kukasiya pachulu kumapeto kwa munda, madzulo n'kudzakatenga nyerere zitadzaza. Anaonda mlongo wanga. Anthu pachitsime anayamba kusiya nkhani iye akafika, chifukwa mawu a Gelesomu anali atayenda kale.

Mfutiyo Gelesomu anaitsuka, anaifunsa, inayankha kuti ngwee ine ndikumva. Kenaka anatseka kukamwa kwake ndi phula la njuchi, n'kudindapo chala chake chachikulu. Ankayenda nayo paliponse, ngakhale kuthengo, ndipo pogona ankaimangirira kudzanja ndi luzi. Masiku anadutsa phula lili chimodzimodzi, chidindo cha chala chili pomwepo. Gelesomu anayamba kuseka.

"Mwaona, alamu? Chichokereni m'nyumba muja, mizimu yanu yasiya ntchito. Mzimu wake ndi wovala chitenje."

"Mwaifunsa?"

"Ndifunse chiyani? Yalowa ndi mphepo?"

"Safunsa anadya phula," ndinatero, "ndipo inu phulalo mwachita kuligula nokha."

Anaseka, koma ndodo sanaigwire. Kuchotsa phulalo kukanakhala kuvomera kuti mwina mkazi wake alibe mlandu, ndipo pamenepo ndi pamene sankafuna kufikapo.

Tsiku lake kunacha ndi nkhungu yoti munthu sungaone phazi lako. Ine ndinalawirira kumunda kwanga, ndipo ndisanafike ndinamva chimanga chikuthyoka, khwaa, khwaa, ndi kufwenthera kwa nguluwe zambiri. Ndinakwawa mpaka kuchilindo. Ndinamupeza Gelesomu atagwada pansi pa nsanja, akukolopola phula lija ndi mpeni.

"Funsani kaye," ndinanong'ona.

"Ikalira ngwee zithawa zonse. Khalani chete."

Anathira onga. Anasankha kabawuti kake n'kukaika kukamwa, kanakana. Anakakhomerera ndi chigwiriro cha mpeni, kanalowa. Anatsindira ndi ndodo atakulunga nsanza kudzanja kuti isamveke, ndipo inatsika movuta, ikukhulana ndi mpope, mpaka inaima. Ndinayang'ana mizere ija. Mzere wam'munsi unali pamwamba, kutalika kwa chikhatho chonse kuchokera pakamwa pa mfuti.

"Alamu, taonani ndodo."

"Bawuti yathina basi. Ili pafupi kufika."

"Ngati yaima panjira, mwakumba manda. Ngati yafika, ndiye yakhala pa chinthu china. Konsekonse mfutiyi si yowombera. Zisiyeni nguluwe, tizithamangitse ndi zitini."

Anaitsindiranso ndi mphamvu zake zonse, ndodo sinasunthe. Nguluwe zinali pafupi kwambiri, tikumva ndi fungo lomwe. Thukuta linali kutsika pamphumi pake ngakhale kunali kozizira. Anaika mitu ya machesi yoyatsira onga pakabowo ka kumbuyo kwa mpope, n'kukweza mfuti paphewa.

Pamenepo m'nkhungu munatulukira Nankhoma, wopanda kambale, wopanda mpango kumutu, mame atamunyowetsa mpaka m'chiuno. Anali akupuma mothamanga.

"Bambo a Dalesi, musawombere! Ndaimva. Ndili kuchitsime ndaimva ikugogoda kuno, kulira komwe kuja kwa kunyumba."

"Wamva ine ndikutsindira."

"Ayi, kale, tambala atangolira. Inu munali musanadzuke. Wakutsina khutu ndi mnansi, bambo, tsitsani mfutiyo."

"Choka! Kundipha kwakukanika, tsopano ukufuna nguluwe zithe chimanga?"

Chinthu chakuda chinadutsa pakati pa mizere kutsogolo kwathu. Gelesomu anatsamiritsa tsaya pamtengo wa mfuti. Ine ndinali kumbuyo kwake, ndinatambasula dzanja koma ndinachedwa. Nankhoma anali pafupi. Analumphira mfutiyo n'kuikokera kwa iye, kuichotsa kumaso kwa mwamuna wake, ndipo chala cha Gelesomu chinali chitakoka kale.

Kulira kwake sindingakufanizireni. Sikunali kulira kwa mfuti, kunali ngati nthaka yang'ambika. Ndinapezeka ndili chagada m'chimanga, m'kamwa muli dothi, utsi uli tolo. Nguluwe zinali zitapita. Gelesomu anali atakhala pansi akuyang'ana dzanja lake lamanzere, pamene panali zala ziwiri panali magazi okhaokha. Nankhoma anali chigonere chammbali, maso ali otsegula, tsitsi la mbali imodzi litapsa, magazi akutuluka m'makutu onse awiri.

Mpope unali utang'ambika ngati nzimbe yotafuna. Ndinautola kuti ndiutaye kutali, ndipo pong'ambikapo panagwa chinthu. Chinali chipolopolo cha mtovu chopindika, chili ndi kamzere kake, kansalu kopserera katamatirira pamenepo. Sikanali kobiriwira. Kanali ka mizere yofiira ndi yoyera.

Gelesomu anakayang'ana, kenaka anaweramitsa mutu pang'onopang'ono n'kuyang'ana malaya a mizere yofiira ndi yoyera amene anavala, omwe ankagona nawo masiku onsewo ali yekha kuchilindo. Pachifuwa, mbali ya kumtima, panali chibowo chozungulira bwino, chodulidwa mosamala, khungu likuonekera.

Sanalire chifukwa cha zala. Anakwawa ndi maondo mpaka pamene panali mkazi wake, n'kumunyamula mutu ndi dzanja lotsalalo.

"Anankhoma! Anankhoma, simunali inu. Ndaona tsopano, simunali inu. Ndikhululukireni."

Nankhoma anayang'ana milomo yake ikuyenda. Anayang'ana kansalu kamene kanali m'dzanja langa. Kenaka anayankha mokuwa, ndi mawu amene sanali ake, mawu a munthu amene sakudzimva:

"Si ine, bambo a Dalesi!"

Tinawatengera kuchipatala pangolo. Dzanja la Gelesomu analisoka, linapola. Za Nankhoma anatiuza kuti m'makutu munaphulika zonse, palibe chochita. Zidutswa za mfuti zinabwerera kwawo kwa Gelesomu, akulu a kumeneko anakazikwirira pambali pa mwini wake, ndipo atameta maliro galu uja anabwerera pakhonde pake. Ngati a Kadammanja ankafuna kuidyetsa mfuti yawo chakudya choyenera, kapena ankafuna kulanga mphwawo, ine sindidziwa, ndipo sindifuna kukawafunsa.

Gelesomu sanachoke pamudzi. Alipo mpaka lero, imvi zili mbuu, amatunga madzi ndi kuwaza nkhuni, ntchito zimene amuna anzake amamuseka nazo. Tayesa njira zonse kuti mlongo wanga amvetse. Kuwerenga sadziwa. Ndi manja timatha kumuuza za mvula, za mchere, za maliro a uje, koma nkhani iyi ikangoyambika amatseka maso. Tinamuonetsa malaya aja, iye anaona chibowocho n'kuyamba kunjenjemera, poganiza kuti tikuti anadulanso ndi iye. Dalesi, amene tsopano ali ndi ana ake, anatiletsa kuti tisadzawatulutsenso.

Koma Gelesomu sanasiye. Akamupeza atakhala pakhonde, amagwada patsogolo pake, nkhalamba yonseyo, n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono kuti aone milomo. Nankhoma amamuyang'anitsitsa mpaka amalize. Kenaka amamugwira dzanja loduka zala lija, mwachifundo ndithu, n'kukuwa kuti mudzi wonse umve, kuti si iye, sanaigwirepo mfutiyo, amukhulupirire.